Dzanja la Tomé Alfinete

A Gervásio Nampuio ndi amene amasunga mapepala a mayeso pasukulu yathu ya sekondale, kunja kwa tawuni ya Quelimane, kumene msewu wa tala umathera m'minda ya mpunga. Chiyambire ntchitoyi, pepala la mayeso silinatulukepo m'kabati mwawo nthawi isanakwane. Ana amawakonda, komanso amawaseka. Amawaseka chifukwa tsiku lililonse ikakwana folo koloko amatola mapepala onse otayidwa muofesi n'kukawatentha mumgolo kuseri kwa khitchini, kenako amathira madzi paphulusalo n'kulitakasa ndi kamtengo mpaka lisanduke phala. Amawasekanso chifukwa cha chala chawo cholozera cha kumanja, chimene chimagogoda chokha patebulo, pabondo, ngakhale pabenchi ya m'tchalitchi. Ndipo chaka chikamayamba, mabuku a mayina a ana atsopano akafika muofesi, iwo amawerenga mayina a atsikana limodzilimodzi, milomo ikugwedera, ngati munthu wofunafuna singano yogwera mumchenga.

Anabadwira kwa alimi a mpunga, ndipo masamu ankangowamwa ngati madzi. Akanakhala mphunzitsi, koma nkhondo inafika kaye. Asilikali a boma anawatenga ali ndi zaka makumi awiri. Poona kuti mutu wawo umagwira, anawatumiza kusukulu ya akuluakulu a asilikali, ndipo anatulukako ali tenenti. M'chaka cha 1985 anawapatsa anyamata makumi anayi ndi kaphiri kotchedwa Namitanga.

Kaphiriko kanali pakati pa madambo, kutsidya kwa mtsinje wa Muarua, moyang'anizana ndi doko lokhalo limene munthu akanawolokerapo. Kuseri kwa dokolo kunali misasa ya anthu zikwizikwi othawa nkhondo. Ntchito ya Namitanga inali imodzi: adani, amene ankawatcha a m'tchire, asawoloke.

Mwa anyamatawo munali Tomé Alfinete, wa pawayilesi, mnyamata wowonda wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene sankatha kukhala chete ngakhale akudya. Mauthenga ankawatumiza pogogoda kachitsulo kokhala ndi kabatani, kugogoda kwafupi ndi kwakutali. Masana a kaphiriko anali aatali, choncho a Gervásio anamupempha kuti awaphunzitse.

"A Tenenti, mukusinja mpunga kapena mukutumiza uthenga?" ankatero Tomé. "Pepukitsani dzanja. Kachitsuloka ndi mkazi wanga woyamba, musandipwetekere."

"Ndikutsekera, iwe."

"Munditsekere kuti? Pano tonse ndife otsekeredwa kale."

Aliyense wogogoda amakhala ndi kagogodedwe kakekake, kamene anzake amakazindikira ngati mmene timazindikirira mayendedwe a munthu ali patali. Iwo amakatcha dzanja. Dzanja la Tomé linkathamanga poyamba, n'kutsimphina pang'ono pothera pa liwu. Popeza mwana amalankhula ngati womulera, pakutha kwa chaka a Gervásio ankagogoda ndendende ngati Tomé, kutsimphina komwe.

Mu Disembala 1986 kunabwera kalata yowasamutsa. Akuluakulu anamva za tenenti wodziwa masamu ndi wayilesi, ndipo ankamufuna ku chipinda cha mauthenga achinsinsi, chimene ankachitcha Cifra. Tsiku limenelo Tomé anali mumtengo, akumanga waya wa wayilesi umene mphepo inadula. Miyezi inayi m'mbuyomo anali atapita kutchuthi kukakwatira mtsikana wina dzina lake Anifa, ndipo uthenga unali utangofika woti Anifayo ndi woyembekezera. A Gervásio anaima patsinde pa mtengowo, maso ali pakalata.

"A Tenenti, akabadwa wamwamuna amutche yekha mayi wake," anafuula Tomé kuchokera m'mwambamo. "Koma akakhala wamkazi, dzina ndasankha kale."

Ndipo analitchula dzinalo. A Gervásio anayankha kuti, "Ee, n'labwino," koma mtima wawo unali pakalata ija.

Anyamata anawaperekeza mpaka padoko akuwanyogodola. Wina anati akupita kukamenya nkhondo ya pensulo. Tomé anati akafika kutawuni adye mucapata, chakudya cha mpunga ndi kokonati, mbale ziwiri, ina ikhale yake. Iwo anaseka nawo, koma m'bwato anakhala chozolika, ngati mbusa wosiya ziweto kudambo.

Cifra inali chipinda chopanda zenera m'nyumba yakale yosungiramo katundu. Mkulu wake anali Meja Chale, munthu wa mawu ochepa, amene tsiku loyamba anawalumbiritsa kuti zimene adzaone mmenemo sadzauza mkazi, wansembe kapena mwana. Ntchito yake inali yodekha. Uthenga ukabwera, liwu lililonse ankalisandutsa manambala a m'buku, n'kuphatikiza ndi manambala ena a papepala lotchedwa kiyi, kenako n'kuzilemba m'magulu a manambala asanuasanu. Wopanda kiyiyo akanangomva phokoso. Ikakwana folo koloko pepala lililonse logwiritsidwa ntchito linkapsa, phulusa n'kutakasidwa m'madzi, chifukwa phulusa louma limawerengeka.

Kumeneko ndi kumene anadziwira chinthu chimene kukaphiri sankachidziwa. Kiyi ya Namitanga inali yakale, ndipo a m'tchire anali atailanda kalekale pamalo ena. Meja ankadziwa, n'kumaisiya dala. Anyamata ankachotsedwa ku Namitanga pang'onopang'ono kukathandiza kwina, mpaka kunatsala khumi ndi mmodzi, koma Tomé ankalamulidwa kupempha chakudya cha anthu makumi asanu ndi atatu. A m'tchire ankamvetsera, n'kumaopa kuyandikira doko.

Mu Malichi 1987 mtsinje unasefukira kuposa zaka zonse. Madambo anasanduka nyanja, chakudya chinatha, malungo anagwira theka la anyamatawo. M'mawa wina anakwera mabwato awiri kuti awoloke. Onse awiri anagubuduzika.

Mitembo isanu ndi iwiri inapezeka kumunsi, pamunda wakale wa kokonati wa ku Mussangue, umene eni ake anauthawa. Meja anatenga anthu ake awiri odalirika ndi a Gervásio, chifukwa iwo ndi amene akanawazindikira. Anawaika kuseri kwa shedi yoyanikira kokonati, mumzere umodzi kuyambira pachitsime. Tomé anali wachitatu.

Pobwerera, Meja anaimitsa galimoto panjira.

"Tenenti, ndamva kuti dzanja lako ndi la mnyamata uja."

"Anandiphunzitsa ndi iyeyo, Bwana Meja."

"Namitanga sinafe. Madzi sauma mpaka Ogasiti, ndipo palibe angayandikire kaphiriko kuti akaone. Amangomva. Mawa seveni koloko Namitanga iyankhe monga mwa masiku onse."

"Nanga makolo awo?"

"Makolo adzalira mu Ogasiti. Ukawauza lero, pofika Lamlungu a m'tchire adziwa, abwera ndi mabwato, ndipo olira adzakhala zikwi. Sankha wekha."

Panalibe chosankha. Anawapatsa kachipinda kapamwamba pa nyumba ija, ndi wayilesi, ndi kiyi yakale. Seveni koloko m'mawa ndi fili koloko masana, a Gervásio ankakhala pansi n'kugogoda chizindikiro chotsegulira, chonena kuti Namitanga ilipo, ikumva. Ogogoda a kulikulu, amene sankadziwa kanthu, ankamunyogodola Tomé monga kale, ndipo iwo ankabweza monga akanabwezera Tomé. Ankapeka nkhani za tsiku ndi tsiku. Wakuti dzino likumupweteka. Wakuti wachira malungo. Wakuti wapha ng'ona. Mayinawo anali a anthu amene iwo anawakwirira ndi manja awo. Poyamba ankasanza akamaliza. Pambuyo pake anazolowera, ndipo kuzolowerako ndi kumene kunawaopsa kwambiri, chifukwa nthawi zina ankadzipeza akuda nkhawa ndi dzino la munthu wakufa.

Mu Meyi, m'mauthenga a m'mawa munabwera kena kakafupi kochokera kwa wosamalira mabanja a asilikali. Atakamasula manambala, kanati: Kwa Tomé Alfinete. Anifa wachira, mwana wamkazi. Akufunsa dzina.

Anatsika nako kwa Meja.

"Yankha," anatero Meja.

"Dzina la mwana wa munthu, Bwana?"

"Bambo wamoyo sakhala chete mwana akabadwa. Akutsidya aja nawonso awerenga uthengawu. Akudikira kumva."

Anali ndi maola asanu ndi atatu. Anakhala pawindo la kachipindako, n'kubwerera m'maganizo patsinde pa mtengo uja. Ankaona zonse: waya ukulendewera, zidendene za Tomé zong'aluka, chidindo cha pakalata. Ankamva mawu akuti, "dzina ndasankha kale." Pamene panayenera kukhala dzinalo panali zii. Anayesa kutchula mayina onse a akazi amene ankawadziwa, koma palibe limene linagwedeza mtima. Fili koloko itakwana, anasandutsa manambala dzina la mlongo wawo wamng'ono, amene anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Analigogoda ndi dzanja la Tomé, kutsimphina komwe: Filomena.

Mu Ogasiti madzi anauma ndipo asilikali atsopano anakwera kaphiriko. A m'tchire sanawoloke. Mabanja khumi ndi limodzi analandira makalata onena kuti ana awo anafera pankhondo ku Namitanga pa 19 Ogasiti, ndipo mitembo sinapezeke. Mwa mwambo wa ogogoda, wayilesi ikamatsekedwa kotheratu imatsazika ndi chizindikiro chake chomaliza. Koma Meja anangolowa masana ena n'kuzula waya, nati, "Basi." Namitanga sinatsazike.

A Gervásio anapempha kuti abwerere kunkhondo. Anatsogoleranso asilikali zaka zisanu, anakhala kaputeni, ndipo amene anali pansi pawo amati sanaonepo mkulu womvetsera chotero: msilikali akamalankhula, iwo ankapinda pepala lililonse limene linali m'manja n'kuliika m'thumba. Mtendere utabwera anavula yunifolomu, anakwatira mayi Celestina, n'kupeza ntchito pasukulu yathu. Meja anamwalira. Cifra ija inasanduka sitolo ya simenti. Koma palibe amene anabwera kudzawamasula palumbiro, ndipo chala sichinaleke kugogoda. Chimagogoda chinthu chimodzimodzi: Namitanga ilipo, ikumva.

Mu 2011 kunabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi, mtsikana wowonda, wolankhula mofulumira. Atapereka makalata ake muofesi, sanatuluke.

"Ndinu a Tenenti Nampuio? Ndinapempha dala sukulu ino. Ndine Filomena Alfinete, mwana wa Tomé."

A Gervásio anaika dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja.

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya nkhomaliro Filomena ankabwera ndi mucapata wa anthu awiri, n'kukhala pampando wa alendo. Ankafunsa ngati mwana wasukulu wakhama. Bambo anali wamtali bwanji? Ankaimba? Ankaopa chiyani? Iwo ankayankha zoona zokhazokha, za masiku a kukaphiri, ndipo ankasangalala kuona mwanayo akuseka ndi kuseka kwa Tomé.

"Mukudya ngati mbalame, a Tenenti. Nkhondo munkamenya ndi mimba imeneyi?"

"Bambo ako anandituma kuti ndidzadye mbale ziwiri. Mpaka lero sindinathe."

"Ndiye yambani ndi imodziyi, ngongole ya mimba sikalamba."

Tsiku lina anawauza za dzina lake. Anati ndi chinthu chokhacho chimene bambo ake anamusiyira. Chithunzi panalibe, malaya panalibe, koma dzinalo linadutsa mumlengalenga kuchokera pakati pa nkhondo, ndipo mayi ake anasunga kapepala kake m'chitini cha tiyi. Anati ana a m'kalasi akamadandaula kuti makolo sawakonda, iye amawauza nkhani imeneyi.

Kenako nkhope yake inagwa pang'ono. "Koma amayi anapita ndi funso, zaka ziwiri zapitazo. Ankati, munthu anatumiza dzina mu Meyi, anamwalira mu Ogasiti. Miyezi itatu, osalemba ngakhale mzere umodzi wofunsa ngati mwana akuyamwa? Mwina anali ndi wina kumeneko. Ankanena moseka, koma sikunali kuseka. Anali ndi wina, a Tenenti?"

"Ayi, mwanangu. Analibe."

"Inu munali mutachoka kale. Mungadziwe bwanji?"

Iwo anayang'ana m'mbale.

Teremu yachiwiri ili pakati, Filomena anabwera ndi nkhani yoti akukwatiwa. Akuluakulu a kwawo ananena kuti ukwati usanachitike achite mukutho, kuthira ufa patsinde pa mtengo wa makolo n'kuwauza kuti mwana akupita kubanja. Koma mzimu wa bambo ake unali usanabwere kumudzi. Choncho Loweruka likudzalo iye ndi malume ake adzapita ku Namitanga kukatapa dothi la pamene anafera, kulikulunga m'nsalu yoyera, n'kubwera nalo kwawo.

"Mutiperekeze, a Tenenti. Kaphiriko mumakadziwa ndinu."

Linali Lachiwiri. A Gervásio anapalasa njinga kupita kunyumba osaona msewu. Akapita nawo ku Namitanga, mwanayo akatapa dothi lopanda munthu, akaitana bambo ake pamalo pamene palibe, ndipo Tomé adzatsala pachitsime cha ku Mussangue mpaka kalekale. Akamuuza malo enieni, adzafunsa kuti akudziwa bwanji. Akayankha, adzafunsa tsiku. Ndipo mphunzitsi wa sayansi sangalephere kuona kuti Malichi amabwera Meyi asanafike.

Mayi Celestina ankapeta mpunga pakhonde. Anawayang'ana amuna awo atakhala pampando, chala chili pantchito pa bondo.

"Lero ndiye mukuitana nkhuku za mudzi wonse. Chavuta n'chiyani, bambo?"

"Pali chinthu cha munthu chimene ndinasunga. Ndikamubwezera, ndimulanda china."

"Chimene mumulandecho n'chake?"

"Akuganiza kuti n'chake."

"Nanga chimene mwasungacho?"

"N'chake ndithu."

Mayiwo anauzira mankhusu. "Zaka zonsezi ndimagona ndi anthu awiri, inu ndi uyo mumamugogoderayo. Sindinafunsepo. Koma ngati mwini wake wabwera, mupatseni. Ine ndatopa kuphikira mlendo wosaoneka."

Lachitatu linadutsa osamuuza. Lachinayi Filomena anabweretsa nsalu yoyera ija kudzawaonetsa, ndipo iwo anaiyamikira. Lachisanu folo koloko, ana atapita, anatenga mapepala awo kupita kumgolo, natuma mlonda kuti akaitane aphunzitsi a sayansi.

Anayamba moto usanazime, ndipo anafotokoza mwadongosolo, monga munthu wopereka lipoti: za Cifra, za kiyi yakale, za madzi a mu Malichi, za mabwato awiri, za mzere wa pachitsime. Filomena anamvetsera atagwira buku lake pachifuwa. Atafika pa kachipinda kapamwamba, iye anawadula.

"Malichi."

"Pa 11 Malichi."

"Ine ndinabadwa mu Meyi."

"Ee."

Moto unali utazima. A Gervásio anali ndi botolo la madzi m'manja koma sanathire.

"Anayankha ndani?"

"Ndine."

Filomena sanalire. Anayang'ana chala chawo nthawi yaitali, ngati akuyang'ana njoka imene sakudziwa ngati ili ndi ululu.

"Ndiye dzinali munalitola kuti?"

"Ndi la mlongo wanga. Anamwalira ali wamng'ono."

"Bambo anga sanasiye dzina?"

Apa ndi pamene akanatha kunama, ndipo bodza lake likanakhala lachifundo. Koma anali atagogoda mabodza miyezi isanu, ndipo ankadziwa kulemera kwake.

"Anasiya. Anandiuza ali mumtengo, ine ndili pansi. Ndinkawerenga kalata. Sindinamve."

"Simunamve."

"Ndalifunafuna zaka makumi awiri ndi zinayi."

"Amayi anafa akuganiza kuti mwamuna wawo anawaiwala. Munali pompano, mtunda wa tsiku limodzi panjinga."

"Ndinalumbira."

"Kwa ndani? Ali kuti?"

Amene anawalumbiritsayo anali kumanda. Filomena anatembenuka n'kumapita. Atafika pangodya ya khitchini anaima, osacheuka.

"Mawa sikisi koloko. Mukationetse chitsimecho. Kenako sindikufuna kukuonani."

Anapita pa galimoto ya matola mpaka pamene msewu unathera, kenako pa njinga za kabaza. Malume ake a Filomena, bambo wachikulire wovala chipewa choyera, sanawalankhule a Gervásio njira yonse. Ku Mussangue mitengo yambiri ya kokonati inali itafa, yangotsala mizati yopanda mitu. Shedi inali itagwa, malata ali pansi, udzu utamera pakati pake. Koma chitsime chinalipo. A Gervásio anaima pamlomo pake, nayeza mapazi monga anayezera tsiku lija, akutchula mayina. Pa dzina lachitatu anaima.

Malume anagwada, nathira ufa pang'ono, nalankhula ndi mlamu wawo motsitsa mawu, kumuuza kuti Anifa anatsogola, kuti mwana wakula, kuti abwera kudzamutenga. Kenako anakodola Filomena. Iye anayala nsalu, nagwada. Anatsegula pakamwa kuti adzitchule, monga mwambo umafunira, koma anaima. Mphepo inkagwedeza lata lina. Anakhala choncho mpaka malume anamuyang'ana.

"Bambo, ndine mwana wanu," anatero pomaliza. "Amanditcha Filomena. Si limene munasankha, koma ndi limene amayi ankandiitanira, ndiye mulizolowere. Amayi mukawapeza, muwauze nokha chifukwa chake simunalembe. Tiyeni kwathu."

Anatapa dothi ndi manja awiri katatu, namanga nsaluyo. Ataimirira, anaona chala cha a Gervásio chikugogoda pa ntchafu.

"Chimati chiyani chimenecho?"

"Chimati Namitanga ilipo, ikumva."

"Palibe mawu ake otsekera?"

"Alipo. Sanatipatse mpata."

"Tsekani. Bambo anga akuchoka pano, asamangoitanidwa."

A Gervásio anagwada pa lata lija. Anagogoda chizindikiro chotsegulira, kenako mayina khumi ndi limodzi, osawabisa m'manambala, kenako chizindikiro chotsazika. Linali dzanja la Tomé, lothamanga poyamba, lotsimphina pothera. Latalo linalira kwambiri kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mbalame zinauluka muudzu. Malume anavula chipewa.

"Enawa ali ndi kwawo?" anafunsa malumewo. Anali mawu awo oyamba kwa a Gervásio.

"Ali nako. Midzi yawo ndikuikumbukira yonse."

"Ndiye muli ndi maulendo, a Tenenti."

Maulendowo anawayenda, tchuthi chilichonse, panjinga ndi pa matola, mpaka anakwanitsa mabanja onse khumi. Kwina anawalandira, kwina anawathamangitsa, ndipo kwa mabanja anayi analibe manda oti awaonetse koma mtsinje. Ku ukwati wa Filomena sanaitanidwe. Teremu yonse yachitatu iye ankatuma ana kukatenga choko muofesi, ndipo mpando wa alendo unakhala wopanda munthu.

Chala sichinaleke. Mayi Celestina amati chinangochepetsa liwiro.

Chaka chotsatira chitayamba, m'mawa wa tsiku loyamba, Filomena analowa muofesi atanyamula buku la mayina a kalasi yake yatsopano. Sanapereke moni. Analiika patebulo, nalitsegula pa tsamba la atsikana.

"Mlonda akuti mumawerenga awa chaka chilichonse."

"Ndimayesa. Mwina lina lidzandigwedeza."

"Mukadzalipeza?"

"Ndidzakuuza, ngakhale uli pakati pa phunziro."

Filomena anakoka mpando wa alendo, nakhala.

"Werengani mokweza. Mwina ine ndi amene ndingalimve."

A Gervásio anavala magalasi, naika chala pa dzina loyamba. Anawerenga mayina makumi awiri ndi asanu ndi awiri, mmodzimmodzi, akupuma pang'ono pakati. Belu linalira, ana anathamangira m'makalasi, koma awiriwo anafika mpaka pansi pa tsamba. Dzinalo silinalipo. Filomena anatseka bukulo n'kupita kukaphunzitsa.

Amachita zimenezi chaka chilichonse mpaka lero.